Phazi la nkhuku pansi pa bakuli

Dzanja ili lagwira khasu, lagwira munsi, lakumba mbatatesi m'mapiri a Nsambe mpaka zikhadabo kutha, ndipo lero lagwira pensulo. Ndikulemba ndekha. Ndimalemba mzere umodzi, ndipume, nding'ung'udze kanyimbo, ndilembenso wina. Pamene pandivuta amandikonzera mdzukulu wanga akabwera kudzandiona, koma mawuwa ndi anga, ndipo nkhaniyi ndi ya bakuli la amayi anga.

Bakulilo ndi loyera mbee, la mkombero wabuluu, maluwa ofiira pachivundikiro. Anabwera nalo amalume kuchokera ku migodi ya ku Joni ine ndili kamtsikana kosatha kumanga nsalu. Anabwera nawo awiri, ofanana ngati mapasa. Lina anapatsa mlongo wawo, amene ndi amayi anga, lina anapatsa akazi awo. Amayi atatisiya, bakuli lawo linatsala ndi ine. Linzake linatsala ndi mwana wa amalumewo, msuweni wanga, amene amakhala kutsidya kwa khwawa, poti utsi wa kukhitchini kwake ndimauona ndili pakhonde panga. Ine ndinabereka mwana mmodzi yekha, wamkazi, ndipo Mulungu anamutenga msanga, nandisiyira kamtsikana kongoyamba kuyenda. Kamtsikanako ndinakalera, kanakula, kanamaliza sekondale, kanapeza mnyamata wopala matabwa wa ku Dambe. Kuyambira ali wamng'ono ndinkamuuza kuti tsiku lolowa m'banja adzatuluka pakhomo pano atanyamula bakuli la agogo ake aakulu, lomwelo limene amayi anga anagwira ndi manja awo.

Kwathu kuno kukakhala ukwati kapena maliro, palibe nyumba imene ili ndi mbale zokwanira mudzi wonse. Mayi aliyense amatuta zake, mbale, makapu, mapoto, mabeseni, n'kupita nazo kumene kwasonkhana anthu. Mwambo ukatha timatsuka, timayanika pa udzu, ndiye aliyense amatembenuza mbale kuti aone pansi pake. Pansipo pali chizindikiro. Wina mtanda, wina timadontho titatu, wina kamwezi, wina mizere iwiri ngati mphini. Chizindikiro cha mnzako sutenga, kutero kuli ngati kumuvula mpango pamsika. Chathu ndi phazi la nkhuku, zala zitatu kutsogolo, kamodzi kumbuyo. Amayi ankalidinda pa miphika dongo likadali lofewa. Bakuli litabwera anatenga msomali, nakhala pamwala wa kuseri kwa nkhokwe, n'kumakanda pansi pake mpaka phazi linaoneka. Ndimawakumbukira bwino, mutu uli cham'mbali, lilime litatuluka pang'ono pakona ya kamwa.

Sukulu ya kwacha inatipeza titakolola. Aphunzitsi ake anali mayi wachitsikana wochokera cha ku Matandani, woseka ndi maso, wa nsapato zofiira ndi fumbi la msewu wathu. Tinkakumana m'tchalitchi dzuwa likapendeka, amayi okhaokha, ena imvi mbuu, ena mwana kumsana. Ine ndinakhala kutsogolo chifukwa cha maso, msuweni wanga anakhala pambali panga chifukwa, akuti, pafunika wondidzutsa. Tsiku loyamba anatipatsa a, e, i, o, u. Amati tizitchula, ife tinayamba kuimba. Amati tiombe m'manja kamodzi, ife tinadzuka n'kuvina. Mabenchi anagwedera, nkhunda za kudenga zinathawa.

Ndinafika kunyumba ndikuyenda ngati ndasenza mtsuko wa uchi, ndipo ndinauza mdzukulu wanga kuti lero ndaphunzira ma alifabeti asanu. Anaseka mpaka kusiya mpeni umene ankasendera mbatatesi.

“Agogo, alifabeti ndi dengu lonse. Zimene mwatola lerozi ndi zilembo zisanu. Mukazitola zonse, zikakhala pa mzere wake, pamenepo ndiye muziti alifabeti.”

Ndinamufunsa kuti nanga dengulo analuka ndani, poti ine sindinamvepo mtengo kapena nyama ya dzina lotero. Anatenga foni yake, nakwera pachulu cha kumunda kwa tirigu, pamene netiweki imagwira mphepo ikalola, ndipo anatsika akundiitana ndi dzanja. Anandionetsa mutu wa ng'ombe wojambulidwa ndi timizere, nyanga ziwiri m'mwamba. Anati kale kwambiri, kumayiko aja timawamva m'Baibulo, kunali anthu oweta ndi ochita malonda amene ankajambula mutu wa ng'ombe pofuna liwu loyamba la dzina la ng'ombe m'chilankhulo chawo. Chachiwiri ankajambula nyumba. Mibadwo inadutsa, zojambulazo zinawoloka nyanja, zinagwa m'manja mwa anthu ena, ng'ombe ija inatembenuka mpaka kukhala A, nyumba ija n'kukhala B. Ndipo mawu akuti alifabeti, anatero, anachokera ku mayina a ziwirizo, ng'ombe ndi nyumba, atalumikizana m'kamwa mwa Agiriki.

Ndinathamangira kope langa, ndinalizondotsa, ndipo pa A wamkulu nyanga zinali pomwepo. Ng'ombe inandiyang'ana, ine ndinaiyang'ana. Moyo wanga wonse ndinkaopa zilembo ngati apolisi, ndikamaona pepala mtima unkathawira m'mimba, osadziwa kuti kutsogolo kwa gulu lonselo kuli ng'ombe, kumbuyo kwake nyumba. Ndani angaope ng'ombe ndi nyumba? Mdzukulu anawonjeza kuti kwina anthu anayamba kulemba podinda bango pa dongo lofewa. Pamenepo ndinakhala pansi. Ndinati mwanawe, amenewotu anali abale ake a amayi anga. Madzulo amenewo ndinasesa pabwalo posafunika kusesa, ndikuimba kanyimbo kanga kopeka ndekha, A ndi ng'ombe, B ndi nyumba, ine ndine mwini khola.

Patapita milungu tinafika pa mayina. Aphunzitsi anafunsa kuti aliyense alembedwe dzina liti. Mayina a ubatizo tinawakana, amenewo amatiitana nawo anamwino kuchipatala basi. Mayi wamkulu kuno amaitanidwa ndi mfunda wake, ndiwo ulemu. Tsono aphunzitsi anayamba kuzungulira. Amafika pa mayi, amawerama, amalemba chilembo chimodzi chachikulu m'kope lake, n'kunena motsitsa kuti mayi, chilembo chanu ndi ichi, mukachiyeseze kunyumba, zotsalazo tidzawonjeza. Atafika pa ine analemba nsanamira ziwiri ndi phaso lopingasa pakati. Anati ndi N.

Chilembo changa. Ndinachiphimba ndi chikhatho pomwepo. Nditacheuka ndinaona msuweni wanga naye waphimba chake, mayi wa kumbuyo waphimba, tchalitchi chonse zikhatho pamakope ngati nkhuku zofungatira. Ife tinkadziwa chinthu chimodzi, kuti chizindikiro chili ndi mwini wake mmodzi. Munthu akakuuza kuti ichi ndi chanu, ndiye kuti ndi chako, ukachionetsa msanga wina akutengera. Sizinatifikire m'mutu kuti mifunda yathu amayi tonse imayamba mofanana, Na uyu, Na uyo, Na winayo.

Masiku omwewo kunali kukonzekera ukwati wa mwana wa mkulu wa mpingo, ndipo wa mdzukulu wanga unali kubwera pambuyo pake mwezi usanathe. Kwa amayi a kwa mkulu wa mpingo kunali penti wofiira wotsala popaka zitseko za tchalitchi. Ndinapita ndi kabotolo, ndinati ndikufuna kupaka kampando. Anandithirira akuseka, nati mudzi uno mipando yachuluka chaka chino, poti ndinali wachingapo kubwera ndi kabotolo. Sindinamve kanthu pamenepo. Ndinafika kunyumba, ndinatafuna kamtengo kunsonga, ndinatseka chitseko. Mdzukulu anali ku boma kwa telala wa diresi lake, akanakhalapo akanandiletsa. Ndinalemba N pambale iliyonse, pa kapu, pa poto, N wonenepa, N wonyezimira. Pomaliza ndinatenga bakuli. Ndinaliyang'ana phazi la nkhuku lija, ndinati amayi, mwana wanu tsopano ndi wophunzira, ndipo ndinapaka pamwamba pake mpaka linabisika. Ndinkaona kale m'maganizo amayi onse atatembenuza bakuli langa, n'kufunsana kuti kodi uyu walemba ngati kalaliki ndani.

Ukwati unakoma. Tinavina mpaka fumbi linafika m'mitengo ya manachesi, bondo langa lodwala linaiwala kuti ndi lodwala. Mabakuli awiri aja anapita kutebulo la alendo, poti ndiwo okongola m'mudzi monse. M'mawa mwake tinasonkhana kutsuka. Tinayanika zonse pa udzu, mbale zikuwala waliwali, ndipo ine ndinaima chapatali pang'ono kudikira ulemu wanga.

Mayi woyamba anatembenuza mbale, N. Anaiika m'dengu lake. Wachiwiri anatembenuza, N, nayenso m'dengu. Wachitatu anagwira mbale imodzi ndi wachinayi, aliyense akukokera kwake. Kenako tinayamba kutembenuza zonse, mzere wonse, beseni, kapu, poto, chipande. Udzu wonse unafiira ndi nsanamira ziwiri ndi phaso. Wina analemba chopendama, wina chogona, wina phaso analiika chobwerera, koma onse anali N, penti mmodzi, chitini chimodzi. Mayi wina wachikulire anafunsa ndi mawu aang'ono kuti kodi ndani wamuonera m'kope. Apo ndiye chiseko chinaphulika. Tinaseka mogwirana, tinaseka mogwada, wina anagona chafufumimba pa udzu akumenya pansi.

Mbale wamba sizinavute kwambiri. Uyu amadziwa yake ndi pobenthuka, uyo ndi mwaye wosachoka, zotsalazo tinangogawana mwachibale. Koma titafika pa mabakuli chiseko changa chinauma. Atsikana operekera chakudya anali atagwetsa limodzi pamiyala. Linali litaphwanyika m'mbali, choyera chija chitasupuka, patatsala chipsera chakuda chachikulu ngati chikhatho cha mwana. Linalo linali lamyaa ngati latsika m'sitolo. Onse awiri pansi pake N wofiira.

Ndinagwira labwinolo. Msuweni wanga analigwiranso mbali inayo.

“Asuweni, langa ndi ili,” ndinatero, ndikuligogoda ndi chala. “Ndimalidziwa kulira kwake.”

“Kulira kwa bakuli mumakumva, koma belu la tchalitchi simulimva. Siyani, asuweni. N wangayo ndamuona, ndi woongoka.”

“Woongoka ndi wanga. Wanu anali ngati mbuzi yothyoka mwendo, ndinakuonani pobwera.”

“Munandiona bwanji, poti maso anu sasiyanitsa mchere ndi shuga? Tiyi wa tsiku lija sitinamuiwale.”

Anthu ankaseka, poti chisuweni ndi chotero, timanyozana kuyambira tili ana. Koma zala zathu sizinkaseka, zinagwira zolimba. Ndinamuuza kuti mdzukulu wanga sangapite ku Dambe ndi chinthu chooneka ngati chalumidwa ndi fisi. Iye anati amayi akenso anali munthu, bakuli lawo silingasanduke langa chifukwa choti kwathu kuli ukwati. Pomaliza amayi a kwa mkulu wa mpingo anatilanda onse awiri, nawatsekera m'kabati mwawo, nati tikagwirizana tidzawapeze.

Masiku otsatirawo utsi wa kutsidya ndinkauona, koma sindinawoloke. Mchere utandithera ndinakapempha kwina, kutali. Kusukulu tinakhala benchi imodzi, pakati pathu patatsala malo okwana munthu wonenepa. Mdzukulu atabwera ku boma n'kumva nkhaniyi anaseka mpaka misozi, nandiuza kuti N si wanga ndekha, ndi wa nyemba, wa nkhuku, wa njoka, wa Neno yemwe. Aphunzitsi nawo anagwira pakamwa, nati sanaganize kuti mawu awo tidzawanyamula chotero. Anatifotokozera kuti chilembo chili ngati chitsime, aliyense amatungapo, n'chifukwa chake munthu wa ku Lisungwi angawerenge zimene walemba wa ku Nsambe. Ndinamva, ndinavomera, koma bakuli linali m'kabati ndipo ukwati unkayandikira. Ndikamapeta ufa ndinkadzifunsa kuti nanga ndikapambana mkanganowu, n'kumupatsa mwana bakuli la eni ake, lonjezo langa lidzakhala lakwanira? Nyimbo zinandithawa. Mdzukulu anati pakhomo pazizira ngati pachoka wailesi.

Tsiku lina ndinatsikira kukhwawa kukakwecha poto. Ndinatapa mchenga, ndikukwecha, ndikukwecha, maganizo ali kwina. Nditatsukuluza ndinaona kuti N wa pansi pa poto wayamba kutha, ndipo m'mphepete mwake mwatuluka kachala, kamzere kamene ndinakanda ndekha zaka za kumbuyo. Nkhuku inali momwemo, yangobisala. Poto ndinamusiya pamwala. Ndinakwera chitunda cha kutsidya ndi bondo langa lomweli, ndinafika pakhomo pa msuweni ndikupuma ngati mvukuto, ndipo m'malo mwa moni ndinati atenge parafini.

Tinakumana pansi pa mnachesi wa kwa mkulu wa mpingo. Mbiri inali itathamanga kale, amayi anabwera ndi mbale zawo, ena ndi mchenga m'zitenje, ena ndi zitsononkho. Mabakuli anatuluka m'kabati. Ine ndinalumphira labwino lija, ndinati ndikwecha ndekha, wina angandiwonongere. Msuweni anatenga lophwanyikalo. Tinadontheza parafini, tinawaza mchenga, tinayamba. Kwee, kwee, kwee. Penti anasanduka phala lofiira, manja athu ngati tapha mbuzi.

Pansi pa chitsononkho changa panayamba kuoneka kamzere kokhota. Ndinati mwina ndi chala cha kumbuyo. Ndinakwechanso. Kamzere kanapitirira kukhota, kanakhota, mpaka kanakhala kamwezi. Kamwezi ndi chizindikiro cha akazi a amalume.

Ndinadikira kuti msuweni andinyoze, ndipo akanandinyoza ndikanalandira. Koma iye ankangopukuta pansi pa bakuli lophwanyika ndi nsonga ya nsalu yake. Kenako analitambasulira kwa ine ndi manja awiri.

“Asuweni, nkhuku ya azakhali yatulukira kuno.”

Ndinalilandira. Ndinkayesa kuti ndilirira chipsera chija, koma maso anga sanapiteko n'komwe. Chala changa chinalowa m'timizere, chala choyamba, chachiwiri, chachitatu, ndipo pa kachala ka kumbuyo ndinapeza pamene msomali unaterereka. Ndinalipo tsiku limenelo. Amayi anayamwa chala chawo, nati nkhuku iyi yandijompha isanabadwe. Zaka zonsezi ndinali nditaiwala, ndipo mawuwo anabwerera ndi liwu lawo lomwe, ngati aima kuseri kwa mtengo. Munthu amene sanalowepo m'kalasi anandilankhula kuchokera pansi pa bakuli. Ndinadzuka, bakuli pamutu, manja ofiira m'mwamba, ndipo nyimbo zimene zinandithawa zinabwerera zonse pamodzi. Nkhuku ya amayi yabwera, yabwera, yafukula pansi yabwera. Msuweni anayamba nthungululu, nayenso kamwezi ka amayi ake ali nako pachifuwa.

Amayi ena aja anagwada n'kuyamba kukwecha zawo. Uku mtanda watuluka, uku timadontho, uku mizere ya mphini. Aliyense chikatuluka chake ankatchula amene anachiyamba, amayi anga, agogo anga, azakhali amene anandilera. Anthu amene tinawaika kalekale anaitanidwa mmodzimmodzi masana amenewo pansi pa mnachesi, ndipo palibe amene analira, kapena tinene kuti tinalira tikuvina. Aphunzitsi anafika mochedwa, anaima n'kumayang'ana, kenako anapempha kuti tsiku lotsatira aliyense akajambule chizindikiro chake pabolodi, pambali pa ng'ombe ndi nyumba.

Titatopa, msuweni anandikokera pambali. Anati mwana asapite kwa eni ake ndi chinthu chophwanyika, atenge lake labwinolo, ndi mdzukulu wakenso. Mtima wanga unagwedezeka, poti labwinolo linali lokongoladi. Ndinati tifunse mwini ukwati. Mdzukulu anabwera, anagwada pakati pathu, anayang'ana ili, anayang'ana ilo.

“Zikomo agogo a kutsidya, koma kamwezi kakhale kwanu. Ine chikhalire ndikudikira la nkhuku.”

“Ukadya manyazi ku Dambe usadzandilirire,” anatero msuweni. “Banja lonse ili ndi louma mutu, kuyambira nkhuku yomwe.”

Bambo wina wokhoma zidebe analiwongola m'mbali ndi kanyundo, koma chipsera chakuda chinatsala, ndipo chilipo mpaka lero. Kutatsala pang'ono ukwati mdzukulu anandibweretsera msomali. Anati ndilembe mfunda wanga wonse pambali pa phazi, pang'onopang'ono, osaliphimba. Nthawi imeneyo zilembo zotsala zija tinali titaphunzira. Ndinakhala pamwala wa kuseri kwa nkhokwe, ndinakanda N, ndinakanda a, ng'ombe yanga yaing'ono, ndi zinzake zonse mpaka kumapeto. Dzuwa linasuntha, mthunzi unandisiya, ine osadziwa. Nditadzutsa mutu ndinapeza mwanayo akundiyang'ana akumwetulira. Ndinamufunsa chimene akuseka, anati palibe agogo, koma lilime lanu latuluka.

Tsiku lopita ku Dambe katundu yense anamangidwa pagalimoto, matiresi, ndowa, mabeseni atsopano. Bakuli anakana kuti likwere kumbuyo. Analikulunga m'chitenje, nalikhazika pamiyendo, manja onse awiri pachivundikiro chifukwa cha mabampu a msewu wathu. Ine ndi msuweni tinaperekeza galimotoyo mpaka pamlatho, tikuimba, iye akundiuza kuti ndikuphonya nyimbo, ine ndikumuuza kuti akupondera nsalu yanga. Pobwerera tinadzera kwake, anandipatsa tiyi m'kapu imene pansi pake N sanathe kuchoka, ndipo tinakangana mpaka tiyi kuzizira kuti kapuyo ndi ya ndani.